Anthu Odya Zitazizira

Pali anthu ena amene chakudya chikafika patebulo sathamangira kusamba m'manja. Amayamba aisendeza mbaleyo kufupi ndi zenera, kuizungulira, kuwerama, mwina kukwera pampando kumene. Awa ndi ojambula zithunzi za zakudya. Ntchito yawo ndi yokudzutsira mudyo ndi chinthu chomwe sungachinunkhize kapena kuchilawa.

Ntchitoyi si yadzana. Buku la William Henry Fox Talbot wa ku England lotchedwa The Pencil of Nature, lomwe linayamba kutuluka mu 1844, linali kale ndi chithunzi cha zipatso m'madengu. Patapita zaka, Irving Penn wa ku America, yemwe ankajambulira magazini ya Vogue, anaonetsa kuti ngakhale ndiwo zamasamba zouma gwa mufiriji zimakongola: mu 1977 anazisanjikiza ngati njerwa n'kuzijambula. Naye David Loftus wa ku Britain anatchuka pojambula zithunzi za m'mabuku a maphikidwe a Jamie Oliver.

Mdani wamkulu pantchitoyi ndi nthawi. Nthunzi sichedwa kutha, masamba amafota, msuzi umachita khungu pamwamba, ayisikilimu amasungunuka ndi kutentha kwa magetsi. N'chifukwa chake wojambula amayamba wakonza kamera ndi kuwala pogwiritsa ntchito mbale yongoyesera, yeniyeniyo n'kubwera pomaliza. Kuwalako kumachokera m'mbali kapena kumbuyo, poti kukawomba kutsogolo chakudya chimaoneka chophwatalala, chosapatsa mudyo. Pambali pa wojambulayo pamakhala wina wokongoletsa mbale, kaburashi m'manja, akupaka timafuta pa nyama kuti inyezimire, akutola nyenyeswa imodziimodzi.

Pofuna kugonjetsa nthawi, ena amachita ukathyali. Mbatatesi yophwanya imasanduka ayisikilimu, guluu woyera n'kulowa m'malo mwa mkaka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Campbell ku America inakokedwa ndi bungwe la Federal Trade Commission itadziwika kuti pojambula zotsatsa malonda ankaika mabulo pansi m'mbale ya supu kuti ndiwo zitumphukire pamwamba. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambiri mwa ojambulawa salembedwa ntchito ya pamwezi. Amagwira maganyu a mahotela, malesitilanti, osindikiza mabuku ndi makampani azakudya, ndipo kamera, magalasi ake, ngakhale mbale ndi nsalu za patebulo amagula okha. Chibwerereni Instagram mu 2010, aliyense wokhala ndi foni anasanduka wojambula, moti wofuna kulipidwa ayenera kuonetsa chomwe foni payokha singathe.

Ngakhale kuno kwathu, mayi wophika makeke ku Blantyre amadziwa kuti oda imabwera chifukwa cha chithunzi cha pa WhatsApp. Koma tayesani kujambula nsima. Pambale yoyera imangosowa. Wokonda kudya ndiye amadziwa kuti mtanda umafuna mbale yakuda pang'ono, chambo chokazinga chitagona pambali khungu lake lili psuu, ndi dzanja lotema mbamu nthunzi ikadali tolotolo. Kamera siphunzitsa zimenezi; zimaphunziridwa m'khitchini ndi pamkeka.

Akamamaliza kujambula, nsima ija imakhala itauma pamwamba, chambo chitazizira. Ndi pamene mwini ntchito amasamba m'manja.