Mpingo Umene Wakula Pamodzi ndi Edzi

Mpingo wa Evangelical Lutheran unayamba ku Lilongwe mu 1982. Patangotha zaka zitatu, mu 1985, munthu woyamba anapezeka ndi Edzi m'Malawi muno. Kunena zoona, mpingowu wakula ukuika maliro a anthu ake.

Akhristu a Lutheran amakhulupirira kuti munthu amapulumuka mwa chisomo, osati chifukwa cha ntchito zake. Ndiye wodwala angamuweruze ndani? Pa Dedza boma, pomwe chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa, amayi a mpingowu amakazonda odwala atanyamula phala lotentha. Akatha kupemphera amafunsa mosabisa: kodi ma ARV mukumwa tsiku lililonse? Boma linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004, koma ena amabisabe kabotolo pansi pa mphasa, kuopa kuti apongozi angakaone.