Zala Zakumapazi Zikamatuwa ndi Chisanu

Kukazizira ngati mmene kumachitira ku Dedza mwezi wa June, anthu ena zala zawo zakumapazi zimatuwa mbuu, kenako zimada n'kuchita dzanzi. Magazi akamabwerera, zimawawa koopsa. Matendawa amatchedwa Raynaud, dzina la dokotala wa ku France amene anawafotokoza mu 1862. Timitsempha timafinyika, magazi osafika kuzala.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mbaula. Phazi ladzanzi silimva moto, ndiye munthu amapsa osadziwa. Viikani mapazi m'madzi ofunda, mutayesa kaye ndi chigongono. Valani masokosi okhuthala, ouma, ndi nsapato zosathina. Simenti ya m'mamawa osaiponda chosavala. Fodya ndiye musiyiretu, amafinya mitsempha yomweyo. Chala chikatuluka chilonda chosapola, musazengereze, pitani kuchipatala.