Chuku cha m'makina ochapira chikuyambanitsa antchito ndi mabwana awo

TETE — Mvula ikangokhazikika m'mwezi wa Disembala, m'nyumba zina za mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Ulónguè mumabuka mkangano umene kale kunalibe. Zovala zachapidwa m'makina, zayanikidwa, zasitidwa bwinobwino, koma bambo wapakhomo akangovala malaya n'kutuluka thukuta pang'ono, pamamveka fungo ngati la chiguduli chimene chagona m'ndowa. Mayi wapakhomo safufuza kutali. Amaloza wantchito kuti ndi waulesi, kapena kuti akuba sopo.

Wantchitoyo kawirikawiri amakhala mwana wakumudzi, wochokera ku Tsangano, ku Dómuè, ku Furancungo kapena ku Zóbuè, amene anakula akuchapa pamwala kudambo ndipo zovala zake sizinanunkhepo. Makinawo anangowapeza pakhomopo, n'kuuzidwa batani loti azidina, basi. Mawu akachuluka ntchito imatha, ndipo kandalama kamene kamapita kumudzi kukagula feteleza kamaima. Chonsecho nthawi zambiri fungolo silichokera m'manja mwa wochapa ayi. Limachokera m'makina momwemo.

Makina ochapira anayamba kuchuluka m'chigawo chino migodi ya malasha ya ku Moatize itakula, makamaka kuyambira 2011, pamene kunadzaza alendo, nyumba zalendi ndi malo ogona. Ena amabwera ndi abale ochokera ku Johannesburg, atamangidwa pa ngolo za mabasi amene amalowera pa Cuchamano n'kupitirira mpaka pa Zóbuè. Ambiri mwa makinawa ndi aja a chitseko chagalasi chakutsogolo. Amachapa bwino ndiponso samwa madzi ambiri, koma ali ndi chilema chimodzi chimene ogulitsa sakonda kutchula.

Pofuna kuti madzi asatayike pochapa, chitseko chake chimatseka ndithu, osalola ngakhale mpweya. Kuzungulira pakhomo pamene amalowetsera zovala pali mphira wokhuthala wopindikapindika, ndipo munthu akaufunyulula ndi chala cha m'munsi mwake amapeza timadzi totsalira, tsitsi, ulusi, nthawi zina ndalama yachitsulo. Wochapa akatulutsa zovala n'kutseka chitseko, monga mmene munthu waukhondo aliyense angachitire, watsekera m'kati chinyezi, mdima ndi kafundidwe. Mlimi wa ku Angónia safunika kumuuza zotsatira zake. Ndi zomwe zija zimachitika chimanga chikalowa m'thumba chisanaume: chimachita chuku. Nkhokwe anaiika pamwamba pa miyala n'kuiluka motayana kuti mphepo izidutsa. Makinawa mphepo sidutsa pokhapokha munthu ataipatsa njira.

Vutoli si la kuno kokha. Ku America anthu ogula makina amtunduwu anafika potengera makampani opanga kukhoti chifukwa cha chuku chomwechi, ndipo milandu inatenga zaka. Ku Japan, ofufuza analengeza mu 2012 kuti fungo la zovala zochedwa kuuma limabwera makamaka ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Moraxella osloensis, kamene kamakhalabe m'nsalu ngakhale itachapidwa. Tizilombo totere pamodzi ndi chuku timamanga utoto woterera kuseri kwa mgolo wa makina, kumene dzanja silifika, ndipo madzi otsukuluzira akamadutsa amanyamula fungolo kulipaka pa zovala zoyera.

Sopo wambiri ndiye chakudya chake

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Zovala zikanunkha, bwana amalamula kuti sopo awonjezere. Wantchito, poopa kunenedwa, amathira chikho chodzaza. Koma makina a chitseko chakutsogolo amagwiritsa ntchito madzi ochepa kwambiri, ongokwanira kunyowetsa zovala n'kumazigubuduza, choncho sopo wochuluka satha kutsukuluzika. Wotsalayo amasakanikirana ndi litsiro ndi mafuta a m'thupi n'kumata m'mapaipi ndi kuseri kwa mgolo. Chimenecho ndicho chakudya cha chuku. Mankhwala onunkhira ofewetsa zovala, aja Achipwitikizi amati amaciador, nawonso amasiya mafuta ake, moti kuthira ambiri pofuna kuphimba fungo kuli ngati kuthira manyowa pa udzu umene ukufuna kuupha.

Palinso nkhani ya mtundu wa sopo. Sopo waufa wa timapaketi amene amagulitsidwa m'mabanka ndi m'misika ya m'malire, monga pa Biri-Biri, ambiri mwa iwo ndi wochapira pamanja, wopangidwa kuti azichita thovu lambiri. Pa beseni thovu limasangalatsa maso. M'makina thovu ndi mdani, chifukwa limalepheretsa zovala kugubuduzika ndipo limatsalira paliponse. Sopo wa makina amalembedwa pa paketi kuti ndi wa makina, ndipo muyeso wake umalembedwa pomwepo. Ndi wokwererapo mtengo, n'zoona, koma amathiridwa pang'ono.

Zoteteza zenizeni sizilira ndalama. Kuchapa kukatha, zovala zituluke nthawi yomweyo, zisagone m'makina kudikira kuti kunja kuche. Kenaka wochapa atenge kansalu kouma, apukute galasi la chitseko, afunyulule mphira uja n'kuumitsa m'kati mwa mapindo ake onse, makamaka pansi pomwe pali timabowo totulutsira madzi, timene timatsekeka ndi ulusi. Akatero chitseko achisiye chotsekula pang'ono, mpata wolowa dzanja, ndipo kabokosi kothiramo sopo, kamene ena amati gaveta, akakoke kuti nakonso kapume. Ntchito yonseyi siposa mphindi ziwiri. M'madera okwera monga Angónia ndi Tsangano, kumene chifunga ndi mvula yamawawa zimatha masiku angapo dzuwa osaoneka, chitsekocho n'chofunika kukhala chotsekula mpaka tsiku lochapanso. Ku Tete kotentha makina amauma msanga, koma akatsekedwa ali onyowa kutenthako ndi kumene kumafulumizitsa fungo.

Pakhomo pamene pali ana aang'ono pafunika kusamala. Mwana amatha kulowa m'mgolo posewera chibisalirano, ndipo mphaka amakondanso kugonamo. Chipinda chimene muli makina chizitsekedwa, pulagi izizulidwa, ndipo asanayatse munthu azisuzumira kaye m'kati.

Madzi otentha ndi nkhani ya magetsi

Chinthu chimodzi chokha ndicho chimalira ndalama, ndipo n'chimene mabwana ambiri amakana. Kamodzi pa mwezi makina amafunika kuyendetsedwa opanda zovala, ndi madzi otentha madigiri 60 kapena 90, kuti utoto wa kuseri kwa mgolo usungunuke. Kutenthetsa madzi ndiko kumadya magetsi kwambiri pa makina ochapira, ndipo munthu wogula magetsi a Credelec amaona manambala akutsika pa mita maso ali gwa. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri lamulo limakhala lakuti azichapira madzi ozizira nthawi zonse. Kuchapira madzi ozizira si kulakwa, koma bwana amene waletsa madzi otentha chaka chathunthu alibe chifukwa chokalipira wantchito makina akayamba kununkha. Magetsi a kuchapa kumodzi pa mwezi sangafanane ndi mtengo wa mphira watsopano, umene nthawi zina umachita kuitanitsidwa kuchokera ku Beira kapena ku South Africa.

Ngati chuku chayamba kale kuoneka ngati timadontho takuda pa mphira, jiki, amene ena amati javel, amathandiza. Pang'ono pokha, wosungunula m'madzi ambiri, n'kupukutira mphirawo munthu atavala magolovesi kapena jumbo m'manja, mawindo ali otsekula, kenaka n'kutsukuluza bwino. Ena amakonda viniga. Chimene sichiyenera kuchitika ngakhale tsiku limodzi ndicho kuphatikiza ziwirizi. Jiki akakumana ndi viniga, kapena ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha maso ndi m'chifuwa, ndipo m'kachipinda kotsekedwa ungathe kugwetsa munthu. Wina akagwiritsidwa ntchito lero, winayo adikire tsiku lina makina atatsukuluzidwa. Ndiponso zonse ziwiri zikamathiridwa kawirikawiri zimatopetsa mphira.

Pali malo ena amene eni makina ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Cha pansi kutsogolo, kawirikawiri kudzanja lamanja, pali kachitseko kakang'ono, ndipo kuseri kwake kuli sefa yozungulira imene imagwira mabatani, zipini, ndalama ndi ulusi zisanakafike pa pampu. M'menemo madzi sauma. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu sefayo iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa, makina atazimitsidwa, pulagi itazulidwa, madzi atazizira, ndipo pansi atatchera mbale yafulati ndi chiguduli, pakuti madzi amatuluka ndithu ndipo fungo lake si lamasewera. Kabokosi ka sopo nakonso kamachoka konse munthu akadina kachotchingira kake, ndipo kamatsukika ndi mswachi wakale, osaiwala denga la bowo limene kamalowamo.

Nthawi zina makina amakhala oyera koma fungo la chimbudzi likumvekabe. Pamenepo wolakwa amakhala mmisiri amene analumikiza paipi yotulutsa madzi, ataikankhira mozama mu paipi ya zonyansa popanda kopindika kosunga madzi kamene kamatchinga mpweya woipa. Kupukuta sikungathetse zimenezi. Pafunika kuitana wamipope.

Magetsi akathima kuchapa kuli pakati, chitseko sichiyenera kukakamizidwa, chifukwa loko wake amathyoka msanga ndipo madzi angasefukire. Magetsi akabwera zovala zitsukuluzidwenso, ndipo ngati zagona usiku wonse m'madzimo zichapidwenso kuyambira pachiyambi. Zikatuluka ziyanikidwe motayana pa chingwe, osati pa udzu kapena pa dothi, ndipo nyengo ya dzinja zisitidwe ndithu, chifukwa simbi yotentha imapha mazira a ntchentche ija yoika mphutsi pakhungu. Izi n'zofanana kwa wochapira makina ndi wochapira pamwala.

Mawu omaliza apite kwa amene akutumiziridwa makina ogwiritsidwa kale ntchito, kapena akufuna kugula kwa munthu amene akusamuka. Makina amene ayenda masiku angapo pamsewu atatsekedwa ndiponso atakulungidwa m'pulasitiki amafika chuku chitamera kale. Asanapereke ndalama, wogula atsekule chitseko, alowetse mutu n'kununkhiza, kenaka afunyulule mphira kuzungulira konse. Timadontho tapamwamba timachoka. Koma ngati kuda kwalowerera m'kati mwa mphirawo, kapena mphira wang'ambika, kapena wayamba kumata m'zala, ameneyo ndi wofunika kusintha, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa makina asanakwezedwe pa galimoto.