Mau opanda mutu m'Cingelezi

Khanda lisanadziwe kulankhula limabwebweta lokha. Amayi ake amangoseka. Koma munthu wamkulu akalankhula zosamveka pamsonkhano, anthu amayamba kung'ung'udza. Cingelezi cili ndi mau angapo onena za kalankhulidwe kotere.

Liu lodziwika kwambiri ndi nonsense, ndiye kuti zopanda pake. Kubwebweta kwa khanda amati babble. Munthu akamalankhula mothamanga, anzake osatolapo kanthu, amati akulankhula gibberish.

Ku England kunali anthu amene ankalemba zopanda mutu mwadala, kuti ana aseke. Mu 1846 Edward Lear anatulutsa buku la tindakatulo tatifupi, A Book of Nonsense, ndipo zithunzi zake anajambula yekha. Mu 1871 Lewis Carroll, mphunzitsi wa masamu ku Oxford, anafalitsa ndakatulo yake Jabberwocky. Imakamba za mnyamata amene anapha cilombo coopsa. Mau ambiri m'menemo anacita kupeka yekha. Codabwitsa n'cakuti wowerenga amaitsata nkhaniyo bwinobwino, cifukwa liu lililonse lakhala pamalo ake m'ciganizo, ndipo kamvekedwe kake kamathandiza khutu.

Ena mwa mau opekawo sanafe. Carroll anatenga chuckle, kuseka capansipansi, ndi snort, kutulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu, n'kupanga chortle. Lero liu limeneli lili m'madikishonale, ndipo limatanthauza kuseka mokondwera.

Koma pali zopanda mutu zina zosaseketsa konse. Mu 1944, nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Maury Maverick ankatsogolera ofesi ina ya boma ku America. Anatopa ndi makalata a anzake, odzaza ndi mau ataliatali ndi ziganizo zopotapota. Munthu ankawerenga tsamba lonse osadziwa cimene akuuzidwa kucita. Maverick analembera anchito ake kuti alembe mwacidule ndi momveka, ndipo kalembedwe koipako anakapatsa dzina lakuti gobbledygook.

Dzinali analitenga kwa nkhukundembo. Tambala wake amayenda monyada, nthenga atatambasula, uku akulira gobologobolo. Ana amene kwao kuli nkhukundembo akulidziwa bwino phokoso limeneli. Mpaka lero wolankhula Cingelezi akalandira kalata ya ku ofesi imene sakuimva, ngakhale kuti yalembedwa m'cilankhulo cake comwe, amati yadzaza ndi gobbledygook.