Akalulu awiri lero, khola lodzaza mawa

Nkhani yake imayamba chonchi m'makomo ambiri: mwana walirira kalulu woti azisewera naye. Poopa kuti mmodzi asungulumwa, bambo agula awiri, wogulitsa n'kuwatsimikizira kuti onse ndi aakazi. Patapita miyezi yochepa, m'mawa wina mayi apeza tiana topanda ubweya pakona pa khola. Walira mvula walira matope, koma ambiri timalandira akalulu tisanaganizire za matopewo.

Wogulitsa uja mwina sananame dala, chifukwa akalulu akakhala aang'ono n'kovuta kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi. Chovuta n'chakuti amakhwima msanga. Mitundu ing'onoing'ono imatha kutenga bere ili ndi miyezi 3 kapena 4 yokha. Bere lake limatenga masiku pafupifupi 31, ndipo kawirikawiri amaswa ana 4 mpaka 12. Wamwamuna akakhala m'khola lomwelo, wamkazi akhoza kutenganso bere tsiku lomwe waswalo. Anawo nawonso akakula sasankha kuti uyu ndi mlongo wanga.

Njira yoyamba ndi yosalira ndalama zambiri: kulekanitsa aamuna ndi aakazi asanakwanitse miyezi 3. Ngati simukudziwa kuwasiyanitsa, funsani mlangizi wa ziweto kapena mlimi wa akalulu wodziwa bwino.

Njira yokhalitsa ndi kufula wamwamuna komanso kuchotsa chiberekero cha wamkazi. Iyi ndi ntchito ya dokotala wa ziweto wozolowera akalulu, osati ya lezala kuseri kwa nyumba. Kalulu wofulidwa amachepetsa ndewu ndi kuwaza mkodzo paliponse. Kwa wamkazi phindu lake n'lalikulu, pakuti khansa ya m'chiberekero imagwira akalulu ambiri okalamba. Koma chenjerani: wamwamuna akhoza kuperekabe bere kwa masabata 4 mpaka 6 atafulidwa, choncho musafulumire kuwaphatikiza. Komanso musamumane chakudya pokonzekera opaleshoni. Kalulu sasanza, ndipo m'mimba mwake mukakhala mopanda kanthu amadwala msanga.

Nanga ngati ana abadwa kale? Musadabwe kuona mayi wawo atakhala patali. Kalulu amayamwitsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kwa mphindi zochepa chabe. Ana amatsegula maso pakatha masiku pafupifupi 10, koma asachoke kwa mayi wawo asanakwanitse masabata 8. Kamwana kochotsedwa msanga kamatsegula m'mimba ndipo kambiri kamafa kangofika kwa mwini watsopano.

Musanapereke kalulu, funsani mafunso ngakhale wopemphayo ndi mbale wanu. Kodi khola alinalo, lamthunzi, lotetezeka kwa agalu? Kodi udzu azautenga kuti m'chilimwe? Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, ndipo udzu ndi umene umawaperesa. Madeya okha sakwanira. Kodi akudziwa kuti kalulu sanyamulidwa ndi makutu, ndipo kuti wosamalidwa bwino amakhala zaka 8 kapena kupitirira? Mwana amene akumufuna lero adzakhala ali ku sekondale kaluluyo akadali m'khola. Ndipo ngati mukufuna kuti asungidwe, osati aphedwe ngati ndiwo, nenani poyera pomupereka.

Chimene sitiyenera kuchita n'kukawataya kutchire poganiza kuti tawabwezera kwawo. Kalulu wa m'nthano zathu, wothamanga m'madambo uja, ndi nyama ina. Ana ake amabadwa ali ndi ubweya, maso ali otsegula. Kalulu woweta makolo ake anachokera ku Spain ndi Portugal, ndipo akatayidwa kawirikawiri amathera m'kamwa mwa agalu kapena m'zikhadabo za mbalame zolusa.

Kumene anapulumuka n'kuchulukana, anthu analira. Mu 1859 Thomas Austin anamasula akalulu 24 pamunda wake wa Barwon Park, m'chigawo cha Victoria ku Australia, kuti azisaka. M'zaka zochepa anafalikira n'kuwononga mbewu ndi msipu wa nkhosa. Pakati pa 1901 ndi 1907 boma la Western Australia linamanga mipanda yotalika makilomita oposa 3,000 pofuna kuwatchinga, koma anadutsabe. Mu 1950 dzikolo linachita kufalitsa dala kachilombo ka myxoma kuti kawaphe. Mpaka lero m'chigawo cha Queensland n'kulakwira lamulo kusunga kalulu pakhomo.

Kwathu kuno vuto limathera pakhomo pomwepo: khola lothinana, akalulu olumana makutu, fungo losowetsa mtendere oyandikana nawo, ndi mwana amene chidwi chinamuthera kalekale. Musanaphatikize akalulu anu, werengani kaye makomo amene mukudziwa kuti adzalandira anawo. Ngati sakukwana 6, khola la wamwamuna likhale lakelake.