Msonkhano wounika ntchito m'magulu a Agile

Msonkhano wounika ntchito, umene pa Chingerezi umatchedwa retrospective ndipo ambiri amangoufupikitsa kuti retro, ndi msonkhano umene gulu lotsatira njira ya Agile limachita likamaliza chigawo chimodzi cha ntchito, lisanayambe china. Pa msonkhanowu anthu sakambirana kwenikweni za chinthu chimene apanga, koma za mmene achipangira: zimene zayenda bwino, zimene zawachedwetsa, ndiponso mmene akhalirana pa ntchitoyo. Cholinga chake n'chakuti gulu lituluke litagwirizana chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti lisinthe m'masabata otsatira. Msonkhanowu unatchuka pakati pa akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta, koma kachitidwe kofanana nako kamapezekanso kwa asilikali, m'zipatala ndi m'magulu a chitukuko. Ku Malawi, chitsanzo chimene chinafufuzidwa mokwanira ndi cha magulu a amayi a m'boma la Mchinji.

Chiyambi chake

Mu February 2001, anthu 17 odziwa za mapulogalamu a kompyuta anakumana pamalo otchedwa Snowbird m'chigawo cha Utah ku America, ndipo analemba chikalata chodziwika ndi dzina loti Agile Manifesto. Ambiri mwa iwo anali atatopa ndi njira yakale, yoti ntchito yonse ikonzedwe papepala kuyambira poyamba mpaka pamapeto, anthu aigwire kwa chaka kapena kuposa, n'kudzazindikira zolakwika madzi atafika kale m'khosi. Iwo ankafuna kuti ntchito izigawidwa m'tizigawo tating'ono, ndipo kachigawo kalikonse kazitha ndi chinthu chooneka chimene mwini ntchito angachiyese. Chikalatachi chili ndi mfundo 12 zotsagana nacho, ndipo yomaliza imalimbikitsa gulu kuti nthawi ndi nthawi lizikhala pansi kuganizira za kagwiridwe kake ka ntchito, kenako lisinthe pofunika kusintha.

Lingaliro lounika ntchito silinayambe ndi Agile. Asilikali a dziko la America anayamba m'zaka za m'ma 1970 kukambirana akamaliza ntchito kapena zoyeserera, pofunsana zimene anakonza, zimene zinachitikadi, ndi chifukwa chake ziwirizi zinasiyana. Ku Japan, kampani ya Toyota imadziwika ndi mwambo wotchedwa hansei, umene ndi kudziunika moona mtima ngakhale ntchito itayenda bwino. M'chaka cha 2001 chomwecho, Norman Kerth anatulutsa buku lotchedwa Project Retrospectives, lofotokoza msonkhano wa masiku angapo wochitika ntchito yonse ikatha. Chimene magulu a Agile anasintha ndi nthawi. Phunziro lopezeka ntchito itatha limathandiza ntchito ina yam'tsogolo, mwinanso gulu litabalalika kale, pamene phunziro lopezeka pakatha masabata awiri limathandiza ntchito yomwe ili m'manja.

Njira ya Agile yofala kwambiri ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza pagulu mu 1995. Mu Scrum chigawo chilichonse cha ntchito chimatchedwa sprint, ndipo sichipitirira mwezi umodzi. Magulu ambiri amasankha masabata awiri. Malinga ndi Scrum Guide ya mu 2020, msonkhano wounika ntchito ndi umene umatseka sprint, ndipo sutenga maola opitirira atatu ngati sprint inali ya mwezi wathunthu. Usanachitike pamakhala msonkhano wina, sprint review, umene gulu limaonetsa eni ntchito zimene lapanga. Ophunzira ambiri amasokoneza misonkhano iwiriyi. Woyambawo umayang'ana chinthu chopangidwa ndipo alendo amakhalapo; wounika ntchito umayang'ana gulu lenilenilo, ndipo nthawi zambiri amakhalapo ndi a m'gulumo okha.

Zolinga

Cholinga choyamba ndi kupeza chimene chikuchititsa vuto, osati kungotchula vutolo. Tiyerekeze gulu la anthu 6 ku Lilongwe limene likupanga pulogalamu ya pafoni yoti alangizi a zaumoyo a m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere ku Mchinji azilembera ana obwera kusikelo. Sprint ikatha, pamveka dandaulo loti pulogalamuyo ikumaima mlangizi akafuna kutumiza zimene walemba. Gulu lingathe kukonza cholakwikacho tsiku lomwelo n'kupitirira. Pa msonkhano wounika ntchito funso limakhala lina: zinatheka bwanji kuti cholakwika chotere chidutse osaonedwa? Yankho lingapezeke kuti pulogalamuyo imayesedwa muofesi mokha, pa intaneti yothamanga ndi mafoni atsopano, pamene kumudzi netiweki imabwera n'kumapita ndipo mafoni ndi akale. Apa chofunika kusintha ndi kayesedwe, chifukwa popanda kutero cholakwika cha mtundu womwewo chidzabweranso mwezi wamawa m'malo ena. Otsogolera ena amagwiritsa ntchito njira ya ku Toyota yofunsa kuti "chifukwa chiyani" kasanu motsatizana, mpaka afike pa muzu wa nkhani.

Cholinga chachiwiri ndi kusunga zabwino. Ngati ntchito yathamanga chifukwa anthu awiri anakhalira limodzi pa kompyuta imodzi pothana ndi gawo lovuta, gulu liyenera kuzindikira zimenezo kuti lizichita mwadala, osati mwamwayi.

Chachitatu ndi chokhudza ubale wa anthu, ndipo n'chimene chimavuta kwambiri. Timadandaulo tating'ono, monga munthu amene sayankha mauthenga msanga kapena amene amasintha ntchito ya mnzake osamuuza, tikasungidwa mumtima timadzaphulika pa nthawi yolakwika. Msonkhano wochitika pafupipafupi umapereka malo oti zoterezi zinenedwe zikadali zazing'ono. Kerth analimbikitsa kuti msonkhano uziyamba ndi kuvomerezana kuti aliyense anachita zimene akanatha malinga ndi zimene ankadziwa komanso zipangizo zimene anali nazo pa nthawiyo. Ena amaona ngati mfundoyi ikulekerera aulesi, koma ntchito yake ndi ina: anthu akayamba kulozana zala, aliyense amabisa zolakwa zake, ndipo gulu limatsala lopanda chounika.

Kayendetsedwe ka msonkhano

Ndondomeko imene magulu ambiri amatsatira inachokera m'buku la Esther Derby ndi Diana Larsen lotchedwa Agile Retrospectives, la mu 2006. Iwo anagawa msonkhano m'masitepe 5. Wotsogolera amayamba ndi kukonza mitima ya anthu, kuti aliyense alankhulepo kanthu, ngakhale mawu amodzi, m'mphindi zoyambirira. Kenako gulu limasonkhanitsa zimene zinachitika: ntchito zingati zinatha, zingati zinabwezedwa, magetsi anazima masiku angati, ndani anadwala. Likatero limafufuza zifukwa, limasankha chochita, n'kutseka msonkhano. Sitepe yosonkhanitsa zochitika imaoneka ngati yotaya nthawi, koma gulu likailumpha limakangana pa zimene aliyense akukumbukira m'malo mokambirana zimene zinachitikadi.

Kawirikawiri aliyense amalemba maganizo ake pa timapepala tomata asanamve a anzake, n'kukamata pabolodi pansi pa mitu monga zoti tiyambe, zoti tisiye ndi zoti tipitirize. Kenako anthu amavota poika timadontho pa nkhani zimene akuona kuti n'zofunika. Kulemba musanalankhule kuli ndi phindu lalikulu m'malo amene ulemu kwa akuluakulu ndi wozama, monga m'maofesi ambiri a ku Malawi, kumene wachinyamata sangatsutse bwana pagulu ndipo amayembekezera kuti wamkulu ayambe ndiye. Wamkulu akayamba, ena onse amangovomereza. Kapepala kopanda dzina kamapatsa mpata uja amene akanangokhala chete, pajatu mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pa chifukwa chomwechi magulu ena amapempha kuti amene ali ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito asakhale nawo pa msonkhanowu.

Zotsatira

Chotsatira chooneka ndi maso ndi mndandanda waufupi wa zochita, chilichonse chili ndi dzina la wochiyang'anira ndi tsiku lodzachiunikanso. Mawu ngati akuti tizilankhulana bwino si chochita, chifukwa palibe angadziwe ngati zatheka. Chochita chenicheni ndi monga chakuti, kuyambira sprint ikubwerayi, gawo lililonse latsopano liziyesedwa pa foni yakale intaneti itazimitsidwa lisanatumizidwe kwa alangizi. Scrum Guide ya mu 2017 inkalamula kuti chosintha chimodzi chofunika chizilowa m'ndandanda wa ntchito za sprint yotsatira. Ya mu 2020 inafewetsa lamuloli n'kulisiya m'manja mwa gulu, komabe magulu ambiri akupitiriza kutero, poona kuti chimene sichinalembedwe pa ndandanda ya ntchito chimaiwalika.

Ofufuza ayesa kuona ngati misonkhano yotere imathandizadi. Mu 2013, Scott Tannenbaum ndi Christopher Cerasoli anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza kukambirana ntchito ikatha, m'magawo osiyanasiyana monga zachipatala ndi zausilikali, ndipo anapeza kuti kukambirana kokonzedwa bwino kumakweza kagwiridwe ka ntchito ndi pafupifupi 20 mpaka 25 pa 100 iliyonse. Amy Edmondson wa ku Harvard anasonyeza mu 1999 kuti magulu amene anthu ake saopa kufunsa kapena kuvomereza kulakwa ndi amene amaphunzira msanga. Kumbali ina, kafukufuku wa Timo Lehtinen ndi anzake wa mu 2017, amene anatsatira misonkhano ya m'kampani ina ya mapulogalamu kwa zaka pafupifupi zitatu, anapeza kuti nkhani zina zinkabwera mobwerezabwereza. Ili ndiye vuto lodziwika kwambiri la msonkhanowu. Gulu likadandaula za chinthu chomwechomwecho kwa miyezi ingapo popanda chosintha, anthu amaleka kulankhula, ndipo msonkhano umasanduka mwambo wongokwaniritsa.

Chitsanzo cha ku Mchinji

M'boma la Mchinji, limene lili kumalire a Malawi ndi Zambia ndipo dera la Mavwere ndi mbali yake, munachitika ntchito ya MaiMwana, imene inkayendetsedwa mogwirizana ndi ofufuza a ku University College London. Ntchitoyi sinali ya makompyuta ndipo sinkatchedwa Agile, koma mtima wake unali womwewo. Kuyambira mu 2005, amayi 24 ophunzitsidwa kutsogolera zokambirana anathandiza magulu a amayi oposa 200 a m'midzi kudutsa m'ndondomeko ya misonkhano 20 yogawidwa panayi: kupeza limodzi mavuto a uchembere ndi a ana, kukonza limodzi njira zowathetsera, kuzigwiritsa ntchito, ndipo pomaliza kuunika limodzi zimene zatheka ndi zimene zakanika. Magulu ankasankha okha zochita, monga njinga zonyamulira odwala ndi madimba a ndiwo zamasamba. Otsogolera sankabwera ndi mayankho. Ntchito yawo inali kufunsa ndi kuonetsetsa kuti aliyense wamveka, monga mmene amachitira wotsogolera msonkhano wa Scrum.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, m'lipoti la Sonia Lewycka ndi anzake. Ofufuza anagawa boma m'madera 48 ndipo anatsatira kubadwa kwa ana 26,262 pakati pa 2005 ndi 2009. Ataganizira kusiyana kwa madera pa chuma ndi zina, anapeza kuti kumene kunali magulu a amayi okha, imfa za amayi pa uchembere zinatsika ndi 74 pa 100 iliyonse ndipo imfa za makanda zinatsika ndi 41 pa 100 iliyonse. Kumene magulu anayendera limodzi ndi ntchito ina ya alangizi odzipereka a zoyamwitsa, kusintha kotereku sikunaoneke. Manambalawa ndi a ndondomeko yonse, osati a misonkhano younika yokha. Mu 2014 bungwe la World Health Organization linavomereza njira ya magulu a amayi yotereyi kuti izigwiritsidwa ntchito m'madera akumidzi kumene chithandizo cha chipatala chili kutali.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kutalika kwa nthawi. Gulu la MaiMwana linkatenga zaka kuti lizungulire kamodzi, chifukwa kugula njinga kapena kuona ngati dimba lathandiza ana sikutheka m'masabata awiri. Gulu la Scrum la sprint ya masabata awiri limazungulira ka 20 kapena kuposa pa chaka, choncho limatha kuyesa kanthu kakang'ono, n'kukasiya msanga ngati sikakuthandiza.

Pali vuto limodzi limene magulu onse awiri amakumana nalo, la zinthu zoposa mphamvu zawo. Amayi a m'mudzi sangagule ambulansi kapena kulemba ntchito namwino, monganso olemba mapulogalamu sangasinthe bajeti ya kampani kapena tsiku limene bwana analonjeza kasitomala. Ku Mchinji komweko, pakati pa 2011 ndi 2012, kunayesedwa njira younika imfa za amayi oyembekezera imene inkalumikiza zokambirana za kumudzi ndi za kuchipatala, kenako mbali zonse ziwiri zinkakumana pa msonkhano wapoyera pamodzi ndi mafumu kuti aliyense anene chimene achite. Mu Scrum udindo wofanana nawo uli m'manja mwa Scrum Master, amene amatenga zopinga zimene gulu silingathe kuchotsa palokha n'kukazitula kwa akuluakulu a bungwe, ndipo pa msonkhano wotsatira amauza gulu pamene nkhaniyo yafika.