Amatiuza kuti "ili ndi bodza", koma iwowo tiwakhulupirire?

Anzanga, bodza masiku ano silikuyendanso wapansi, likukwera WhatsApp. Ndipo mabodza ena si miseche ya pamjigo ayi. Amaphikidwa dala ndi boma la dziko lina pofuna kusokoneza mitu ya anthu a dziko linzake. Mu Malichi 2022, Russia italowa ndi nkhondo mu Ukraine, pa intaneti panatuluka vidiyo yoonetsa Pulezidenti Volodymyr Zelensky akuuza asilikali ake kuti atule zida pansi. Nkhope ndi mawu zimaoneka ngati zake, koma vidiyoyo inali yopangidwa pa kompyuta.

N'chifukwa chake maboma ena amalipira akatswiri kuti azifufuza nkhani zotere n'kumaziyalutsa pa webusaiti. Yotchuka ndi EUvsDisinfo ya bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union. Gulu loiyendetsa linakhazikitsidwa mu 2015, Russia italanda chigawo cha Crimea mu 2014. Akapeza nkhani yokayikitsa, amalemba amene waifalitsa, tsiku komanso chiyankhulo chake, kenako amaika umboni woitsutsa. Bodza lomwelo likadzatulukanso litasintha malaya, sachedwa kulizindikira.

Koma apa pali kanthu. Wolipira ntchitoyi nayenso ali ndi mbali yake pamkanganowo. EUvsDisinfo inatchulapo nyumba zitatu zofalitsa nkhani za ku Netherlands kuti zafalitsa bodza. Mu 2018 eni ake anathamangira kukhoti, ndipo webusaitiyo inavomera kulakwa n'kuchotsa mayinawo. Aphungu a dzikolo anafika povota kuti itsekedwe, ngakhale sinatsekedwe. Nalo boma la Russia mu 2017 linatsegula tsamba lake lomwe limadinda chidindo chofiira cha "bodza" pa nkhani za manyuzipepala akunja. Ndiye mwaona? Aliyense akuloza chala mnzake.

Nanga ife titani? Chidindo pachokha si umboni. Mukaona akuti nkhani ina ndi yabodza, funsani kuti tsambali amalilipirira ndani, ndipo umboni wake auonetsa kapena angonena. Onaninso ngati ena osadya nawo ndalama za bomalo, monga Africa Check, kapena nkhani za pawailesi, zikugwirizana nazo. Mabodza a katemera wa COVID-19 aja anafika m'midzi mwathu kudzera m'mafoni a abale athu omwe. Choncho musanatumize uthenga pagulupu, dekhani kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.